Andale Onse Ndinawavala Kumbuyo

Mukafika pa doko lathu kuno ku Mangochi n'kufunsa mayi wa usipa amene amatchedwa Che Anyezi, aliyense akulozerani kumsewu, pansi pa mtengo wa mthethe, kutali ndi madzi. Ndine ameneyo. Dzina limeneli sanandipatse makolo anga, ndipo pansi pa mthethe si pamene ndinkakhala kale. Zonse ziwiri ndinazitola m'nyumba ina yamdima, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu a doko lonse akuona. Ena akamakamba nkhaniyi amathira mchere wambiri, ndiye ndati bola ndiikambe ndekha mwini wake, mchere ndithire wanga.

Kale ndinali ndi thandala la mzere woyamba. (Inu a kumtunda, thandala ndi chibedi chachitali cha bango chomwe timayanikapo usipa.) Langa linali penipeni pamene maboti amakocheza, moti asodzi akamatsika ndi nsomba ankayamba kuona ine asanaone akazi awo. Usipa wabwino ndinkasankha ndine, anzanga a mizere ya kumbuyo n'kumatola wotsala. Malowo anandisiyira ndi mayi anga, ndipo ana anga atatu aphunzira sukulu ndi thandala limenelo. Koma malo a padoko amagawa ndi a komiti, ndipo tcheyamani wa komitiyo, Che Mbwana, ndi yemwenso amayendetsa kampeni ya phungu wathu m'dera lino. Zimenezi muzisunge, muzifuna kutsogoloku.

Ntchito yanga ina inali kuyambitsa nyimbo pamisonkhano ya ndale. Mulungu anandipatsa mawu, nanga ndibise? Aliyense wofuna uphungu akamabwera, anthu ake ankatuma uthenga kwa ine, ine n'kusonkhanitsa azimayi, tonse n'kulandira nsalu yokhala ndi nkhope yake. Kuno andale sitiwatchula maina awo, timawatchula zimene analonjeza. Tinayamba ndi Bwana Mlatho. Kenako kunabwera Bwana Injini, amene anati bwato lililonse alipatsa injini, ndi Mayi Sikelo amene analonjeza chipatala cha ana, ndi Bwana Bwalo wa anyamata a mpira. Bwana Firiji anayesetsako: anamanga nyumba yosungiramo nsomba, yopanda zenera ngakhale limodzi, koma anagwa pachisankho firijiyo isanabwere. Amene ali pampando pano ndi Bwana Magetsi. Ameneyu anadzala mapolo kuchokera kumsewu mpaka kudoko n'kuiwala mawaya.

Nsalu za onsewa ndinali nazo m'sutukesi, zisanu ndi imodzi. Sindinabe ngakhale imodzi, ndinaziimbira mpaka kusasa mawu. Ndipo musandiyang'ane choncho, chifukwa mayi aliyense padoko pano ali nazo. Timavala ya amene ali pampando, zinazo zimagwira ntchito m'nyumba, kuberekera mwana, kutchinga pakhomo la kuchipinda, kufunda nyengo ya mwera. Chinthu china chimene aliyense amadziwa koma sanena n'chakuti nsalu zimenezi ukamanga m'chiuno, nkhope ya bwana imagwera pamene imagwera. Sindine ndinasindikiza. Yanga ya Bwana Magetsi inali ndi chizindikiro chake. Tsiku lina ndikufutsa usipa, kakhala ka moto kanathethekera pansaluyo n'kuboola diso lakumanzere la bwana. Ndinasoka ndi ulusi wofiira poti ndi umene unalipo, bwana n'kutsala wa diso limodzi.

Ndiye kunabwera Asiyatu, mwana wa achemwali anga. Mwanayu anaphunzira zojambulajambula ku yunivesite ku Zomba, ndipo amapanga zimene iye amati kanema wa luso. Nditamufunsa ngati muli zomenyana kapena zachikondi, anaseka.

"Mulibe, amayi aang'ono. Mulibenso poyambira ndi pothera. Munthu amalowa m'chipinda, amaonera, amaganiza za mmene tikukhalira m'dziko muno, amatuluka."

"Nanga akapanda kuganiza?"

"Amatulukabe."

Ndinawamvera chisoni achemwali anga, amene anagulitsa mbuzi zonse kuti mwanayu aphunzire.

Tsiku limene anandipeza ndinali nditachapa nsalu zonse zija, poti zinali zitayamba kununkha m'sutukesi. Ndinaziyanika pachingwe kuseri kwa nyumba (kuseri, osati kutsogolo, sindine wamisala), mabwana onse atandandalikana, mphepo ikuwagwedeza mitu ngati akuvomerezana zinazake. Asiyatu anaima n'kumaziyang'anitsitsa imodziimodzi. Ndinadziwa kuti kwabwera zina.

"Amayi, muzivale zonse nthawi imodzi. Muime m'madzi, muzivula imodziimodzi. Ine ndijambule."

"Astaghafirulahi. Ndivule pamaso pa kamera, ine mayi wa kumzikiti?"

"Mkati muvala diresi lanu lalitali. Ndipo nkhope yanu siioneka. Ndijambula kumbuyo kokha, kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi."

"Akaonera kuti?"

"Ku Lilongwe. Mwina ndi kunja, Mulungu akalola."

Ndinadzifunsa kuti ku Lilongwe ndani amadziwa mbuyo yanga. Komanso, ndinene zoona, zinandikoma mumtima. Zaka zonsezi ndakhala ndikunyamula nkhope za anthu amenewa, ndiye kuwatula m'madzi mmodzimmodzi, ngakhale mwamasewera, ndinaona kuti n'kwabwino. Ndinavomera.

Tinapita m'mawa kuseri kwa bango, kumene sikufika anthu. Inali nyengo yotentha ija imene ngakhale abuluzi amafuna mthunzi. Ndinayamba ndi Mlatho mkati, kenako Injini, Sikelo, Bwalo, Firiji, n'kumalizira Magetsi pamwamba pa onse monga mwini mpando. Ndinaoneka ngati belo la kaunjika, ndipo poyenda miyendo sinkatha kupatukana. Asiyatu anandipanikiza kanthu kakuda pakolala, akuti kazitola phokoso la mafunde ndi kupuma kwanga, n'kundiimika m'madzi ofika m'akakolo, nditayang'ana kunyanja.

"Musavine, amayi. Musalankhule. Muzingomasula pang'onopang'ono, nsalu igwe yokha."

Musavine. Kumuuza munthu amene wavina misonkhano yonseyi kuti asavine. Ndinayesetsa, ndinaima chilili ngati limodzi la mapolo aja. Koma dzanja litangogwira mfundo ya Magetsi, chiuno chinakumbukira chokha mmene timam'vinira, ndipo pakamwa panatsatira. Ndinayamba kuimba chapansipansi, nditaiwala za kanthu ka pakolala kaja. Pano ndiulule chinsinsi cha ntchito yanga: nyimbo ndili nayo imodzi basi. Amene wabweretsa nsalu ndimangomulowetsa dzina pamalo pake, n'kusintha pang'ono kawombedwe ka m'manja. Anthu sankazindikira, chifukwa pakati pa chisankho ndi chisankho pamapita zaka, makutu amaiwala. Tsiku limenelo ndinaiimba motsatizana, maina okha akusintha, mpaka ndinatsala ndi diresi langa, mabwana onse akuyandama m'mapazi mwanga.

Nditacheuka ndinapeza Asiyatu akupukuta misozi. Ndinayesa ndalakwitsa, tiyambirenso. Iye anati ayi, zakwana, zaposa zimene ankafuna. Tinavuula mabwana, ndinakawayanikanso kuseri kwa nyumba, nkhani ndinaiiwala.

Patapita miyezi anandiimbira foni kuti kanema uja waonetsedwa ku Lilongwe, pakhoma lalikulu, anthu akuima osafuna kutuluka. Kenako akuti wapita kunja. Akuti kumeneko wina ananena kuti mayi wa m'kanemayo akuimira azimayi onse amene alibe mawu. Ine ndilibe mawu? Ine amene ndikaitana mwana kudoko amamva ali kumsika? Zinandikwiyitsa, koma zinandinyaditsanso, poti munthu sunenedwa ndi azungu tsiku lililonse. Asiyatu atabwera kumudzi anafuna kundionetsa pafoni yake. Apa m'pamene kunyada kunandigwetsa.

"Azungu aonere pakhoma, ine mwini mbuyo ndionere pa kafoni? Uonetse kuno, pakhoma, ngati anthu."

"Amayi, kuno akudziwani."

"Adziwa bwanji, nkhope mulibe?"

"Muli mawu anu."

"Mawu ake ati? Ndinkangoimbira mumtima."

Anandichenjeza mobwerezabwereza, ndipo izi ndikunena kuti wina asam'nene mwana wanga. Anati tiyambe taonera awiri m'nyumba. Ndinakana. Ndinkafuna kuona koyamba pamodzi ndi anthu, ndikhale pakati pawo phee, ndizimva akutama mayi wosadziwika, ine n'kumagwedeza mutu ngati mlendo. Walira mvula walira matope.

Malo amdima masana kuno ndi amodzi okha, nyumba ya Firiji ija. Makiyi amasunga Che Mbwana, ndipo ndinapita ndekha ndi mapazi angawa kukapempha.

"Salamu aleikumu, a tcheyamani. Mwana wathu wabwera ndi kanema wa za kunyanja kuno, akufuna anthu aone."

"Aleikumu salamu. Muli ndale?"

"Muli madzi ndi nsalu basi."

(Mpaka lero ndimati sindiname.) Anapereka makiyi, n'kuwonjezapo jenereta yake imene amayatsira nyali zophera usipa, poti mapolo a bwana wake sakanatithandiza. Jeneretayo inabwera pa njinga, itakulungidwa m'chinsalu chakuda ndi mafuta choiteteza ku mchenga. Ndinachiyang'ana chinsalucho, ndinazindikira maluwa a m'mphepete mwake. Nyumbayo ndinasesa ndine, zitosi za mileme ndinawola ndine, ndipo amene anayenda thandala ndi thandala kuitana anthu ndine ndemwe.

Linali Loweruka masana. Anthu anadzaza: asodzi amene anali atangodzuka kumene, azimayi a mathandala, a kabaza, ogulitsa mandasi. Azimayi tinakhala pamikeka mbali ina, azibambo pamabenchi mbali inayo, Che Mbwana pampando wa pulasitiki. Khomo la nyumbayi ndi limodzi, ndipo lili pakona, pafupi ndi khoma limene Asiyatu anasankha kuti aonetserepo. Ine pofuna kuoneka wokhulupirika ndinavala nsalu ya Bwana Magetsi, n'kukhala pakati penipeni, pafupi ndi Abiti Kasimu, akazi a tcheyamani. Tsoka silinunkha.

Anatseka chitseko, jenereta inalira panja, khoma linayera. Kenako ndinaona chinthu chimene sindinachionepo chibadwire: mbuyo yanga, yodzaza khoma lonse kuchokera pansi mpaka kudenga, Bwana Magetsi akumwetulira ndi diso limodzi. Ndinaona ulusi wofiira uja, waukulu ngati chingwe cha nangula. Koma poti diso lenilenilo ndinali nditalikhalira, ndinadzilimbitsa. Msodzi wina anafunsa mokweza kuti filimu iyamba liti, mnzake n'kumuyankha kuti yayamba kale, akhale chete.

Nsalu yoyamba itagwa m'madzi, mitu yonse inatembenuka. Anthu ankayang'ana cha kumpando wa pulasitiki. Koma Firiji atatulukira, nkhalamba ina ya kumabenchi inati, "Onani, wabwera kudzaona nyumba yake," ndipo anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Bwalo atatulukira, a kabaza anafunsana kuti mpira wa lero uchitikira m'bwalo lake liti. Mayi wina wa mandasi anati, "Mayi ameneyu ndi anyezi, kusenda osatha." Ine pamkeka ndikufufuma ndi chimwemwe. Ndinafika pomugunda Abiti Kasimu ndi chigongono n'kunena kuti mayiyu akudziwa kuvina.

Koma Mayi Sikelo atatulukira, azimayi sanaseke. Tonse tikudziwa mtunda umene timayenda ndi ana kumsana kupita kuchipatala, ndipo ena mwa ife tinabwerako ndi nsalu yokha. Phokoso linatsika, ndipo m'bata limenelo munatuluka chinthu chimene poyamba chinkamira m'mafunde ndi m'kuseka. Mawu anga. Osati a mumtima ayi, omveka bwinobwino ngati ndili pa chimkuzamawu. Nyimbo imodzi, dzina la Sikelo, kenako nyimbo yomweyo, dzina la Injini.

Abiti Kasimu anatembenuka pang'onopang'ono.

"Amake Twaha, mawu amenewa ndikuwadziwa."

"Azimayi ambiri amaimba choncho," ndinatero, maso ali kukhoma.

"Nanga mfundo ya kumanzereyo? Padoko pano amamangira nsalu kumanzere ndi angati?"

"Amanzere ndi ambiri, achemwali."

Ndinadziuza kuti Mlatho akangogwa kanema atha, chitseko chitsegulidwa, ndizemba m'chigulu. Ndinali nditaiwala mawu a Asiyatu akuti mulibe pothera. Mlatho atagwa, kanema anayamba kubwerera chammbuyo. Nsalu zinkavuuka zokha m'madzi n'kudzikulunga m'chiuno mwa mayi uja imodziimodzi, mpaka Magetsi anabwerera pamwamba ndi diso lake limodzi, zonse n'kuyambiranso. Nkhalamba ija inati ndi mmene zimakhaliradi. Ulendo wachiwiriwu palibe anaseka, onse anatchera khutu, ndipo dzina la Magetsi linamveka m'nyimbo yomweyo ya anzake.

Apa ndinati ndithawe. Ndinadzuka chowerama ngati wopita kukataya madzi, ndikuponda mikeka ya anthu, ndikupepesa. Koma kuti ufike pakhomo uyenera kudutsa kutsogolo, m'kuwala kwa makina oonetsera kanema. Nditafika pakati, phazi langa linakodwa m'waya wochokera ku jenereta. Sindinagwe. Kugwa kukanakhala bwino. Ndinadzandira n'kuwongoka, manja ali pakhoma, msana kwa anthu, kuwala konse kuli pa ine. Kumtunda Bwana Magetsi wamkulu wa diso limodzi, kumunsi Bwana Magetsi wamng'ono wa diso limodzi, ulusi wofiira womwewo.

Mayi wa mandasi uja sanakuwe n'komwe. Anangoti, "Anyezi uja ndi uyu."

Che Mbwana anatuluka n'kukazimitsa jenereta yake. Tonse tinakhuthukira panja, maso atathobwa ndi dzuwa, ine pakati. Asiyatu anathamangira kutsogolo n'kunena kuti wolakwa ndi iye, kuti kanemayo sakunyoza munthu koma akufunsa funso. Che Mbwana anati mafunso akafunse ku Zomba, iye akulankhula ndi mayi wa padoko lake.

"Amake Twaha, mwaponya nkhope ya bwana m'madzi pamaso pa anthu ake, ndi jenereta yanga. Mwandinamiza. Koma ndinu mayi wathu. Pepesani pompano, munene kuti mwana anakupusitsani, nkhani ithe. Thandala lanu likhale pomwe lili."

Ndikunena zoona, ndinayamba kugwada. Ndinaganiza za mayi anga, za mzere woyamba, za mwana wanga wotsiriza amene akadali pasukulu. Bondo limodzi linafika pamchenga. Zonena kuti Asiyatu anandipusitsa sindikanatha kuzinena, komabe ndinkafufuza mawu ena ofewa oti ndiikepo. Akanangodikira pang'ono, bwenzi lero ndili pamadzi. Koma munthu akaona kuti wapambana sachedwa kuwonjezera. Anatembenukira kwa anthu n'kunena kuti, "Mwaona? Ichi chakoma, icho chakoma, pusi anagwa chagada."

Pusi. Ine amene ndinadzaza bwalo la msonkhano wa bwana wake mvula ikugwa, iye ali m'shedi. Bondo lija linadzuka lokha.

"A tcheyamani, za pusi ndamva. Koma jenereta yanu imafunda ndani?"

Chinsalu cha mafuta chija chinali pambali pa jenereta. Ndinachitola, ndinachikung'untha, ndinachitambasula ndi manja awiri. Bwana Injini anamwetulira doko lonse, mano ali bii ndi oyilo. Asodzi anagwa n'kuseka, ena anathawira kuseri kwa nyumba kuti tcheyamani asawaone mano. Pamenepo ndikanasiya. Sindinasiye.

"Ine ndinaponya nsalu m'madzi, ndinaitolamo, ndaivala. Bwana wanu anaponya mapolo m'tchire, wabwera kudzawaona? Tikuonera kanema ndi jenereta, m'nyumba ya firiji yopanda firiji, ndiye wamanyazi ndikhale ine?" Kenako ndinatembenukira kwa azimayi anzanga, amene ndavina nawo zaka zonsezi. "Nenani, ndani wa inu alibe nsalu zimenezi m'sutukesi?"

Onse anayang'ana zala za kumapazi. Zimenezi n'zimene zinandipweteka kuposa zonse, ndipo zimandipwetekabe. Sindiwada, aliyense ali ndi thandala lake ndi ana ake, koma ndinaima ndekha pamchenga paja ndi chinsalu cha oyilo m'manja.

M'mawa mwake ndinapeza thandala langa litaphwasulidwa, bango litaunjikidwa bwinobwino pambali, mitengo yake itamangidwa mtolo. Akuti komiti inakhala pansi n'kuona kuti pamalopo pakufunika njira. Sabata isanathe, njirayo inamera thandala la alamu awo a tcheyamani. Ndinasenza bango langa kupita kumsewu, ndipo ndinalira njira yonse, osabisa. Pamalo paja mayi anga anandiphunzitsa kutembenuza usipa ndili kamtsikana. Bambo a Twaha anangoti pakamwa panga anapadziwa asanandikwatire, n'kundithandiza kukumba maenje.

Asiyatu anabwera maso ali psuu. Anati apita kukagwada kwa Che Mbwana, ndipo achotsa kanemayo kulikonse kumene akuonetsedwa.

"Ukachotsa ndikukana kuti ndiwe mwana wa achemwali anga," ndinamuuza. "Ndataya thandala chifukwa cha kanema ameneyu, ndiye uchotsenso kanemayo, nditsale ndi chiyani?"

Moyo wa kumsewu si wophweka, ndisanamize munthu. Usipa ndimagula wotsala, ndimausenza mtunda wonse wa mapolo aja, ndipo fumbi la maminibasi ndi langa ndekha. Thandala latsopano ndi laling'ono, ndiye usipa ukachuluka ndimayala nsalu zija pansi n'kuyanikapo, nkhope zili m'mwamba, ya Magetsi yomwe. Mabwana onse tsopano akugwira ntchito ya padoko koyamba m'moyo wawo. Dzina la Anyezi poyamba ndinkalikana, kenako ndinaona kuti ogula akumafunsa lomwelo, ndiye ndimavomera. Azimayi anzanga amabwera mmodzimmodzi ngati akudzagula, n'kundinong'oneza kuti ndinanena zoona. Ndimawayankha kuti zoona zonong'oneza sizimanga thandala.

Kampeni itayandikira anabwera Abiti Kasimu ndi kaphukusi m'khwapa. Anakhala pamwala, anafunsa za ana, anatola usipa umodzi n'kuununkhiza. Kenako anaulula kuti pamsonkhano wapitawu zinthu sizinayende. Iye mwini anayesa kuyambitsa nyimbo yanga ija, koma atafika pa dzina la bwana, asodzi a kumbuyo anayamba kulowetsa maina ena, uyu Firiji, uyu Mlatho, nyimbo n'kufera pakati. Bwana anakwera galimoto asanamalize kulonjeza.

"Bwererani, amake Twaha. Mupeke ina. Zakale n'zakale. Nayi nsalu yatsopano."

"Nanga thandala langa?"

"Zimenezo n'za komiti."

"Mawu anganso ali ndi komiti yake pakhosi pano. Siinakhalebe pansi."

Ananyamuka atakwiya, koma kaphukusi anakasiya pamwala. Ndinakatenga. Nsalu ndi nsalu, ndipo iyi ndi yolimba, bwana ali ndi maso onse awiri. Zakwana zisanu ndi ziwiri.

Anthu amandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu. Bambo a Twaha amati phunziro lake n'lakuti ukagwada bondo limodzi umalize ndi linalo. Mwina akunena zoona, poti thandala la mayi anga silinabwerere ndipo ndikamasenza usipa ndimawakumbukira mawu awo. Koma chimene ine ndinatolapo n'china. Ndinabisa nkhope, anandidziwa ndi mbuyo, ndipo chilango ndinalandira chathunthu ngati ndinaonetsa zonse. Kubisalako kunandipindulira chiyani? Ndiye ndamuimbira Asiyatu kuti akapeza mpata abwere ndi kamera yake ndi kanthu kake ka pakolala. Anafunsa ngati tipitenso kuseri kwa bango. Ndati ayi, pompano pamsewu, pansi pa mthethe, ndipo iye aime kutsogolo. Nkhope zawo zaoneka mokwanira. Yatsala yanga.